Mmawa Umene Tinalira Munthu Wosambira Chagada

Kwathu kuno, pakati pa Chezi ndi Mvera, munthu wamoyo sagona chagada pamadzi. Kuwoloka mtsinje timadziwa, bola madzi alekeze m'chiuno. Ena mwa ife tili ana tinkaphiriphitha m'maiwe nthawi ya dzinja, mutu uli m'mwamba, miyendo ikumenya matope. Koma tikaona nkhope ikuyandama itayang'ana kumwamba, manja atatambasuka, osagwedezeka, timadziwa kuti tanthauzo lake ndi limodzi lokha. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti wowerenga asawaseke kwambiri amayi amene anayamba kulira tsiku lija. Anachita zimene aliyense wa ife akanachita.

Ine ndinali ndi chifukwa changachanga choopera madzi. Mng'ono wanga anamira mumtsinje wa kumunsi kwa mudzi wathu ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ankachokera kusukulu. Kwathu kunali dzuwa, koma kumapiri mvula inali itagwa, ndipo madzi anamupeza ali pakati. Tinamufuna masiku awiri. Amene ndinamupeza ndine, atakodwa m'bango, ali chagada, malaya a sukulu akadali m'thupi. Kuyambira pamenepo ndinatsimikiza mumtima kuti mwana wanga aliyense sadzasewera m'madzi. Nditakwatira n'kubereka, limenelo linali lamulo loyamba m'nyumba mwanga. Pamene anatimangira damu kuti tizithirira madimba, ndinasonkhanitsa ana anga onse asanu n'kuwauza kuti malire awo ndi mtengo wa mkuyu umene uli panjira yotsikira kumeneko. Kupitirira mkuyu ayi.

Anayi anamvera. Wotsiriza, wamwamuna, anamveranso nthawi yonse imene anali pakhomo panga, sindingamunamizire. Madzi anakawapeza ku Lilongwe. Atamaliza fomu folo anapeza ganyu pasukulu ina ya ana a anthu olemera, kumene kuli dziwe losambiramo lomangidwa ndi simenti. Ntchito yake inali yovuula masamba ndi kuthira mankhwala m'madzimo. Mphunzitsi wa kusambira pasukulupo anaona kuti mnyamatayu ndi wamtali, wa mikono italiitali ngati ya amalume ake, nayamba kumuphunzitsa ana akaweruka. Patapita zaka zingapo, iye ndiye ankaphunzitsa anawo. Atandiuza, mtima wanga sunakhazikike sabata yathunthu. Ndinadzitonthoza kuti dziwe la simenti si mtsinje. Lili ndi makoma anayi, pansi pake pamaoneka, ndipo silidzaza modzidzimutsa chifukwa cha mvula imene yagwa kwina.

Chaka chimene ndikunenachi anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Anatiimbira foni kuti amusankha kukapikisana kunja, ndi amuna a mayiko oyandikana nafe, pa kusambira chagada. Unali ulendo wake woyamba kutuluka m'dziko muno. Mayi ake anaimba nthungululu foni ili kukhutu. Atandipatsa ine, ndinafunsa ngati madzi akumeneko ndi akuya.

"Ndi chimodzimodzi akuno, bambo. Dziwe ndi dziwe."

"Nanga bwanji chagada? Anzako amayang'ana kumene akupita."

"Chagada n'chimene ndimachitha. Ndikasambira chafufumimba amandisiya onse."

Mu Ogasiti sukulu inatseka, ndipo eni ake anachotsa madzi onse m'dziwe lija kuti amate ming'alu. Mpikisano n'kuti utatsala ndi masabata atatu. Anabwera kumudzi ndi kachikwama kake, nati azithamanga m'mapiri m'mawa uliwonse kuti mpweya usamamuthere msanga. Ankatuluka kusanache bwino, kubwera dzuwa litakwera, maso ali psuu, n'kudya mbatata za anthu awiri. Mayi ake ankapeza thaulo lonyowa m'chikwama. Tsiku lina anandionetsa, ine ndinati ndi thukuta. Ndinaphunzitsa ana a pulayimale zaka makumi atatu, ndipo ndinkadzitama kuti palibe mwana angandinamize. Thaulo lija linkachita kudontha.

Linali Lachiwiri. Ndinali pakhonde ndikukhomerera mwendo wa benchi ya kutchalitchi pamene ndinaona mkulu wa mpingo mnzanga akubwera panjinga. Anatsikira patali, pafupi ndi khola la mbuzi, n'kuyamba kuikankha. Anavula chipewa asanafike pabwalo. Nditamupatsa mpando anaukana, nakhala pansi. Ndinaika nyundo pansi. Ine ndi iyeyu takhala tikutumidwa limodzi kukanena mauthenga a maliro kwa zaka zambiri, ndipo mayendedwe amenewo ndinamuphunzitsa ndine.

"Aphunzitsi, mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka, kaya inu akulu. Chakuyendetsani m'mawa uno n'chiyani?"

"Ayi, timati tikuoneni. Mayi alipo?"

"Ali kuseri, akuanika ufa."

"Asiyeni kaye. Tavalani jekete tiyende pang'ono. Mwana wathu uja sakupeza bwino. Ali kudamu."

"Kudamu kukatani? Iye wapita kuphiri kothamanga."

Mnzangayo anayang'ana chipewa chake. Kwathu kholo sitiliuzira pakhomo kuti mwana wamwalira. Timati wadwala, timati akukufunani, kenako zoona zake timazitulutsa pang'onopang'ono panjira, kuti munthu pofika akhale atayamba kale kusenza katundu wake. Ndinavala jekete. Mabatani ndinawaphonya.

Kuchokera kwathu kukafika kudamu ndi theka la ola kwa munthu wamsinkhu wanga. Tinadutsa m'minda yokolola kale, mapesi ali mbwee, nkhungu isanachoke m'zigwa. Pamlatho wamitengo mnzanga anati amayi othirira tomato aona munthu pamadzi. Kuseri kwa sukulu anati munthuyo sankagwedezeka. Pa mkuyu uja anati zovala zimene zili pamwala ndi za mwana wanga. Pamenepo n'kuti kulira kukumveka kale kumunsi, ndipo kumbuyo kwathu belu la kutchalitchi linali litayamba, lija lomenya kamodzi n'kudikira, kamodzi n'kudikira.

Ndaimirirapo pamaliro ambiri, buku lili m'manja. Ndauzapo amayi amasiye ndi makolo oferedwa kuti amene anapereka ali ndi ufulu wotenga, ndipo ndinkakhulupirira zimene ndinkanenazo. Tsiku limenelo mawu onsewo anandithawa. M'mutu mwanga munkangobwera nkhalamba ija ya m'Malemba imene ana ake anaibweretsera mkanjo wa mng'ono wawo uli magazi okhaokha kuti iuzindikire, ndiponso mfumu ija imene inakwera kuchipinda chapamwamba ikulira, ikulakalaka ikanafa m'malo mwa mwana wake wosamvera. Nkhani zimenezi ndinkaziwerenga ngati mphunzitsi, n'kumafunsa ana a Sande sukulu kuti tikuphunzirapo chiyani. Panjira ya kudamu sindinaphunzirepo kanthu. Ndinangouza Mulungu mumtima kuti munatenga mng'ono wanga ndipo ndinakhala chete, koma pa uyu sindikudziwa ngati ndikhale chete. Ndikuvomereza kuti ndinanena zimenezo. Anandikhululukira, koma ndinanena.

Damu lathu ndi lalitali koma lopapatiza. Kumunsi kuli khoma ladothi kumene anthu amatungira, ndipo kumtunda limakhota kuseri kwa kaphiri ngati chigongono n'kukathera m'bango. Ukaima pakhoma sungaone kumene lathera. Ndinapeza anthu atadzaza khoma lonse. Atandiona anapatuka n'kundisiyira njira, ndipo njirayo inandifikitsa pamwala. Panali malaya abuluu, buluku lothamangira, nsapato zoikidwa pamodzi bwinobwino, foni ili m'kati mwa nsapato imodzi, ndi thaulo lija. Malaya anawapinda momwe mayi ake anamuphunzitsira, manja kumbuyo.

Mayi amene anamuona woyamba, mkazi wa mlimi wina wa tomato wa kutsidya, anagwada patsogolo panga.

"Aphunzitsi, ine ndinabwera ndi keni kudzatunga madzi othirira. Ndikuti ndiyang'ane pakati apo, munthu ali gone, chagada, nkhope kumwamba, mutu uli bii. Ndinaitana, aphunzitsi, ndinaitana katatu. Anzangawa anabwera, tinakuwa tonse, iye osatembenuka n'komwe. Tinataya makeni n'kuthamangira kumudzi. Pobwera ndi azibambo tapeza palibe, wamira."

Amuna anayi, mmodzi mwa iwo mwamuna wa mayiyu, anali atalowa m'madzi mpaka m'chifuwa, akufufuza pansi ndi nsungwi zazitali. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kumira n'kuvuuka. Ena ankati tikabwereke bwato ku Salima, ena ankati tidikire, thupi limayandama lokha tsiku lachitatu. Wina anandinong'oneza kuti za uthenga ndisavutike nazo, awaimbira kale alamu anga, alongo awo a akazi anga, amene amakhala kumapiri a ku Ntchisi, ndipo anyamuka. Iwo ndiwo eni mbumba. Kwathu maliro a mwana sayenda amalume ake asanamve.

Mayi ake sanafunikire wowauza. Anamva belu, anaona nyundo ili pansi, jekete palibe, natsatira kulira. Anafika opanda nsapato, duku lili m'manja. Madzi sanawayang'ane. Anapita molunjika pamwala, natola malaya aja, nawakanikiza kumaso. Kulira kwawo sindikulemba.

Ine ndinakaima kumapeto kwa khoma n'kumayang'ana madzi, chifukwa ndinalibe kwina koika maso. Dzuwa linali litayamba kubalalitsa nkhungu. Kutali uko, pamene damu limakhotera, ndinaona chinthu chikutuluka m'madzi, chowongoka ngati mtengo, n'kugwa. Kenako china, mbali inayo, n'kugwanso. Ndinayesa ndi mbalame yogwira nsomba. Chinatulukanso. Unali mkono wa munthu.

Ndinaopa kuti ndikalankhula zisiya. Ndinangogwira dzanja la mkulu wa mpingo mnzanga uja n'kuloza. Iye anakoka wapafupi naye, wapafupiyo anakoka wina, ndipo kulira kunazima munthu mmodzimmodzi kutsata khoma, mpaka anatsala mayi ake okha, amene nkhope yawo inali m'malaya. Chinthucho chinkabwera kwa ife, mutu wakuda patsogolo, mikono ikusinthana mosafulumira, kumbuyo madzi akuwira ndi mapazi. Mmodzi mwa amuna aja anataya nsungwi yake n'kutuluka m'madzi chothawa. Mayi wina wachikulire anakuwa kuti, "Mayo ine, wabwera yekha!" ndipo anthu angapo anatsikira kuseri kwa khoma osacheuka. Sindiwatchula. Ena ndi akuluakulu a kwaya.

Anabwera mpaka mutu wake unagunda nsungwi yotayidwa ija. Anaima, madzi akumulekeza m'chiuno, navula kachipewa kakuda ka mphira kamene kanali kumutu, natulutsa timphira tiwiri m'makutu. Pamenepo ndi pamene anatembenuka n'kutiona, mudzi wonse uli pakhoma, amayi maso otupa, amuna zipewa m'manja, belu likulirabe kumtunda. Anapinda manja mwaulemu, nafunsa motsitsa mawu.

"Pepani, wamwalira ndani?"

Mlimi wa tomato uja, akadali m'madzi ndi nsungwi yake, anayankha.

"Iweyo."

"Ine?"

"Iwe amene. Takhala tikukutokosa pansi apa chiyambire m'mawa. Ine chibayo chandilowa kale."

Mayi ake anatsitsa malaya kumaso. Analowa m'madzi ndi chitenje chomwe, iwo amene chimangireni damulo anali asanapondemo, namukwapula ndi malaya aja paphewa kawiri. Kenako anamugwira mutu ndi manja onse awiri, kumupapasa makutu, masaya, khosi, ngati akuona ngati zonse zilipo. Iye ankangoti, "Amayi, amayi, muterereka." Atatuluka m'madzi tinazindikira kuti wavala kakabudula kothina, kochepa ngati ka mwana, pamaso pa amayi onse a mumpingo. Mayi wa keni uja anamasula chitenje chapamwamba n'kumuponyera.

"Funda, maliro iwe, usatichititse manyazi kawiri."

Kuseka kunayambira pamenepo. Anthu ankaseka misozi ya maliro isanaume, ena atagwirana mapewa, ndipo othawa aja anabwerera mmodzimmodzi, aliyense akunena kuti amakaitana anthu ena. Ndinakhala pansi pamatope ndi jekete yanga ya kutchalitchi. Ndinkafuna kuyamika ndi mawu abwino, oyenera mkulu wa mpingo, koma pakamwa pankangotuluka liwu limodzi, Ambuye, Ambuye. Nkhalamba ya mkanjo ija inadikira zaka zambiri isanamve kuti mwana wake ali moyo. Ine ndinadikira ola limodzi lokha, ndipo palibe chimene ndinachita choti andifupikitsire chotero. Mnzanga uja anabwereka njinga kukaletsa belu. Anapalasa chitunda chonse osatsika, chipewa anachiiwala pakhoma.

Kunyumba, atamwa tiyi, mwana wanga anafotokoza. Masiku onse aja ankapita kudamu kusanache, anthu asanayambe kuthirira, koma tsiku limenelo anachedwa kudzuka. Akasambira maulendo angapo ankapumira pakati pamadzi, kugona chagada osagwedezeka mpaka mtima utatsika. Makutu amawatseka kuti musalowe madzi, ndipo akagona chotero makutuwo amakhalanso pansi pa madzi, moti ngakhale ng'oma sangaimve. Atapuma anasambira ulendo wautali mpaka kubango, kuseri kwa kaphiri, nakhala pamwala kuothera dzuwa chifukwa madzi a mu Ogasiti amaluma. Belu analimva ali komweko. Akuti anawerama n'kupempherera banja loferedwalo, asanatsekenso makutu n'kubwerera.

Chimwemwe chitakhazikika kunabwera mkwiyo, sindibisa.

"Unandinamiza."

"Ndinakunamizani, bambo. Ndikanakuuzani mukanandiletsa."

"Ndikanakuletsa, inde. Ukudziwa chimene ndinapeza m'bango ndili mnyamata?"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinavomera kuphunzira. Ana amene ndimawaphunzitsa, chinthu choyamba ndimawaonetsa kugona chagada. Munthu akatopa m'madzi n'kugona chotero, mphuno imakhala kunja, samira. Bambo aang'ono akanakhala kuti wina anawaonetsa..."

Ine ndinadzuka n'kupita kukhola kukamasula mbuzi, ngakhale zinali zitamasulidwa kale.

Alamu anga tinayesa kuwaimbira kambirimbiri, koma foni inali m'thumba la jekete, iwo ali panjinga yamoto m'misewu yafumbi yotsika ku Ntchisi. Anafika dzuwa litapendeka. Anatsikira kumsewu monga mwa mwambo, thumba la ufa wa pamaliro lili paphewa, nayamba kulira akulowa m'mudzi: "Mphwanga ine! Mphwanga ine!" Anthu ankawakodola kuti aime, iwo ankayesa akuwapepesa, n'kumawonjezera kulira. Atafika pabwalo anapeza palibe nkhuni, palibe mabenchi, palibe amayi ophika. Mphwawo anali pakhonde akutafuna nzimbe.

Anatula thumba lija pang'onopang'ono.

"Alamu, uyu ndani?"

"Ndi yemweyo, alamu."

"Womira uja?"

"Yemweyo."

Anamuyandikira namutsina pamkono mwamphamvu mpaka mnyamatayo anakuwa. Kenako anakhala pathumba la ufa n'kulira zenizeni, kuposa mmene ankalirira panjira.

Atadya tinakhala pansi atatu. Ndinawatulira mlandu monga eni mbumba. Ndinati ine sindifuna kumvanso belu lija, mwanayu asapondenso kudamu, azithamanga m'mapiri monga ananenera poyamba. Iye anati akakhala masabata atatu osalowa m'madzi, kuli bwino akauze omusankha aja kuti atenge wina.

"Kodi kumene ukupitako mukapikisana m'damu ngati lino?" anafunsa amalume ake.

"Ayi amalume, m'dziwe la simenti. Koma kalekale, mipikisano ya mayiko itangoyamba kumene, amuna ankapikisana chagada mumtsinje weniweni, madzi akuyenda."

"Ndiye makolo awo ankalira kangati pa sabata?"

Anaseka okha, kenako anatembenukira kwa ine.

"Alamu, mwana uyu ndamulira kuyambira ku Ntchisi mpaka pakhomo pano, ndiye mundilole ndilankhule. Cholakwa chake si kusambira. Cholakwa chake n'kusambira yekha, mobisa, ngati wakuba. Mukamuletsa adzapitanso mobisa, ndipo tsiku lina mwendo ukadzakokana pakati apo sipadzakhala womuona. Muzipita naye. Ufawu sindibwerera nawo, adye akhale ndi mphamvu."

Mwana wanga anayang'ana pansi, kenako anati akusowadi munthu womuwerengera nthawi. Anawonjezera kuti wosambira chagada saona kumene akupita, amawongoka poyang'ana chimene akuchisiya. M'dziwe la simenti mumakhala zingwe m'mbali ndi timbendera pamwamba, koma padamu amangokhota chifukwa khoma lonse ndi lofanana.

"Mutaima pakhoma, bambo, ndiziyang'ana inu."

Usiku umenewo ndinapita nayo nkhaniyi kwa Ambuye, ndipo sindinganene kuti ndinamva mawu aliwonse. Kungoti m'mawa mwake nditadzuka ndinapeza manja anga akufunafuna wotchi yanga yakale, imene ndinkaimbitsira belu kusukulu. Tinatsika limodzi, iye patsogolo ndi kachikwama, ine pambuyo. Pa mkuyu ndinaima pang'ono. Iye anadikira osacheuka, kenako tinapitirira.

Tsiku loyambalo wotchi sinagwire ntchito yake. Atabwerera anandifunsa kuti watenga mphindi zingati, ndinati sindikudziwa, maso anga sanachoke pa iwe. Ndinamuikira lamulo limodzi, lakuti akamapuma pakati pamadzi aziimika dzanja limodzi m'mwamba. Anati kutero munthu sapuma bwino. Ndinati ndiye usapume. Anaimika. Amayi othirira akafika ankamulonjera ali kutali kuti, "Maliro athu adzuka bwanji?" iye n'kugwedeza dzanja lija. Lamulungu ndinaimirira pa nthawi ya zolengeza n'kuuza mpingo kuti amene aone munthu ali chagada padamu m'mawa ayang'ane kaye pakhoma, ndipo akandiona ine ndili chiimire ndi wotchi apitirize kuthirira tomato wake. Anthu anaseka, koma pemphero loyamika limene linatsatira linali lalitali, ndipo ena anapukuta m'maso.

M'mawa wa masabata amenewo ndinaganiza zambiri. N'chinthu chachilendo kuona mwana wako akukutalikira nkhope yake ili kwa iwe. Sindine mbusa, koma ndinaona kuti nafenso timayenda chomwecho pamaso pa Mulungu. Zakutsogolo sationetsa. Chimene tili nacho ndi zimene anatichitira kale, ndipo tikamaziyang'anitsitsa sitikhota kwambiri. Mantha sanandichoke, sindinama. Koma ndinaphunzira kuima nawo pamalo amodzi osagwedezeka, chifukwa ndikasuntha mwanayo ankasokonekera.

Tsiku la mpikisano mayi ake anakana kupita kokaonera. Anati madzi awaona okwanira. Ine ndinakwera njinga kupita ku Chezi, kumene netiweki imagwira bwino. Mphunzitsi wina wa pasukulu yathu anali ndi foni yaikulu, ndipo tinaunjikana pakhonde la golosale, ine, iye, mkulu wa mpingo mnzanga, mlimi wa tomato uja, ndi ena ongodutsa amene anamva kuti womira wa kwathu ali pakanema. Amuna asanu ndi atatu analowa m'madzi, nagwira khoma, misana italoza kumene akupita. Onse anavala tizipewa tamphira, moti mwana wanga sindinamuzindikire mpaka mlimi uja analoza ndi chala.

"Uyo wakumapetoyo. Mikono ngati nsungwi yanga ija."

Kaphokoso kanalira, onse anadziponya chambuyo. Anzanga anayamba kukuwa ngati ali pabwalo la mpira. Kawiri konse foni inaima, chithunzi chili duu, mikono ili m'mwamba. Itayambanso kachiwiri, oyamba anali atafika kale. Mwana wanga anagunda khoma mochedwa, awiri okha ndiwo anabwera pambuyo pake.

"Aa, ufa wa amalume wapita pachabe," anatero mlimi uja.

Ongodutsa aja anabalalika. Mphunzitsi anafuna kuzimitsa foni, ine ndinamugwira dzanja kuti adikire. Ojambula ankatsatira wopambana yekha, akumwetulira, akupukuta nkhope. Ine ndinkayang'ana kungodya ya chithunzi, kumbuyo kwake. Patapita kanthawi ndinaona mikono iwiri italiitali ikugwira m'mphepete mwa dziwe, kenako mapewa, kenako bondo, mpaka munthu yense anaimirira pasimenti madzi akutsika m'miyendo.

"Basi, aphunzitsi, zimitsani," ndinatero. "Zikomo."

Ndinafika kunyumba masana. Mayi ake ndinawapeza kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi njira, akusesa pamalo posesa kale.

"Zayenda bwanji?"

"Sanapambane."

"Ine ndafunsa zimenezo? Watuluka?"

"Watuluka. Ndamuona ndi maso angawa, waima pouma."

Anatsamiritsa tsache pamtengo, napukuta manja pachitenje.

"Ndiye lowani tipemphere. Mbatata zikuzizira."